Kuponi imene inandiphunzitsa kudula waya

Kwa miyezi itatu ndinkakonzekera mayeso a laisensi ya wayilesi ya anthu wamba, yolankhulirana ndi anzako akutali, kuno ku America, ndipo njira yanga inali imodzi: kuloweza. Mayeso a gawo loyamba, limene amalitcha Technician, amakhala ndi mafunso 35, ukakhoza 26 wapambana. Mafunsowo amachokera m'nkhokwe ya mafunso pafupifupi 400 imene ili poyera pamodzi ndi mayankho ake. Ife amene tinakulira pa mapepala akale a MSCE timadziwa chochita nazo zoterezi. Ndinkayankha mafunso pafoni m'mamawa uliwonse, mpaka ndinafika poti ndikangoona mawu atatu oyamba, yankho ndalidziwa kale. Koma mukanandifunsa chifukwa chimene eriyo ina imakhalira yaifupi, ina yaitali, ndikanangoti kakasi.

Loweruka lina bambo wina wachikulire wa m'kalabu yathu ya okonda wayilesi ananditenga ku hamfest. Ndi mmene okonda wayilesi amatchulira misonkhano yawo. Waukulu umene aliyense amaukamba ndi Hamvention, umene kalabu ya ku Dayton inauyamba mu 1952 ndipo masiku ano umachitikira ku Xenia, m'chigawo cha Ohio, mwezi wa Meyi. Wathuwu unali waung'ono, holo imodzi ndi bwalo loimika magalimoto. Anthu anayala mawayilesi akale, mawaya ndi mabatire pamatebulo, ena kumbuyo kwa galimoto, ngati kaunjika pa tsiku la msika. Polowa amakupatsa tikiti ya nambala, chidutswa chake n'kuchiponya m'bokosi, ndipo nthawi ndi nthawi amachita maere.

Pakati pa mphatso panali makuponi ochokera ku ARRL, bungwe la okonda wayilesi m'dziko lino, limene Hiram Percy Maxim analiyambitsa mu 1914 ndipo likulu lake lili ku Newington, Connecticut. Misonkhano imene bungweli laivomereza limaitumizira makuponi oti opambana akagulire mabuku ake. Nambala yanga inatuluka. Kunena zoona, mtima wanga unali pa kawayilesi ka m'manja kamene kanali patebulo lomwelo, koma ine anandipatsa envelopu.

Kuponi kwathu timaidziwa ngati ya feteleza: ukaipeza, chokatenga chimadziwika kale. Iyi inali yosiyana. Sindikanaisintha ndi ndalama, ndipo inkakwana buku limodzi lokha, loti ndisankhe ndekha. Pobwerera ndinawafunsa bambo aja kuti ndigule liti. Iwo sananditchulire buku. Anangoti, “Inu mukuona kuti chimene simukuchimvetsa n'chiyani?” Funso limeneli linandisowetsa mtendere kwa masabata awiri. Ndinabwerera ku mafunso aja, ulendo uno ndi pensulo, n'kumachonga lililonse limene ndinkakhoza popanda kudziwa chifukwa chake. Zochonga zinachuluka pa maeriyo ndi kayendedwe ka mafunde. Ndiye ndinagula buku la zimenezo.

M'bukumo ndi mmene ndinakumana ndi nambala 468. Ukafuna eriyo ya waya imene amaitcha dipole, umagawa 468 ndi nambala ya megahertz imene ukufuna kulankhulirapo, yankho lake ndi kutalika kwa wayayo m'mafiti. Munthu wa laisensi ya Technician amaloledwa kulankhula pakati pa 28.3 ndi 28.5 megahertz, ndiye ndinatenga 28.4. Zinatuluka pafupifupi mafiti 16.5, amene ndi mamita 5. Wayayo umaidula pakati, mbali iliyonse mamita awiri ndi theka, n'kulumikiza chingwe chopita ku wayilesi pamalo odulawo. Koma chimene chinanditsegula mutu ndi kumene 468 imachokera. Mafunde a wayilesi amathamanga ngati kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kapena kuti mamita 300 miliyoni, ndipo megahertz imodzi ndi mafunde miliyoni imodzi pa sekondi. Ukagawa 300 ndi 28.4 umapeza kutalika kwa funde limodzi, mamita 10 ndi kachidutswa. Eriyo ija ndi theka la funde, kuchotsapo pang'ono chifukwa waya weniweni amafunika wofupikirapo kusiyana ndi masamu a papepala. Nditazimvetsa zimenezi, mafunso angapo amene ndinkawaloweza lililonse palokha anasanduka funso limodzi.

Usiku umenewo ndinakumbuka malemu bambo anga. Anali ndi wayilesi ya mabatire, ndipo ankamanga waya kuchokera pa eriyo yake kukafika pa mtengo wa mango kuti amve BBC. Masiteshoni ena akutali ankamveka bwino dzuwa likalowa, ndipo ine sindinafunsepo chifukwa chake. Tsopano ndikudziwa kuti m'mwambamwamba muli mpweya, ionosphere, umene umabwezera mafunde pansi, ndipo umasintha malinga ndi dzuwa. Bambo sankadziwa dzinalo, koma nthawi yotsegulira wayilesi ankaidziwa bwino kuposa ine.

Ndinamvapo wina akunena kuti bungwe lopereka kuponi ya mabuku ake omwe likungodzitsatsa. Mwina pali koona pang'ono, sindikana. Koma ndikanapata kawayilesi kaja, ndikanakhoza mayeso moloweza, n'kumangodina batani. Kuponi inandikakamiza kutchula ndekha pamene pali mpata m'mutu mwanga, ndipo palibe mphunzitsi amene akanandichitira zimenezo.

Mayeso ndinalemba pamaso pa oyesa atatu odzipereka, anthu a wayilesi omwewo. Ndinakhoza, ndinalipira madola 35 ku FCC, bungwe la boma lopereka malaisensiwa, ndipo laisensi ya zaka 10 inatuluka. Waya ndinaidula motalikirapo monga bukulo linalangizira, kenako n'kumachepetsa pang'onopang'ono mpaka kachipangizo koyezera kanavomera. Bambo a ku kalabu aja anandibwereka wayilesi yawo yakale.

Eriyoyo tsopano yamangidwa kuchokera pakhonde kukafika pa mtengo wa kuseli kwa nyumba. Siteshoni iliyonse ili ndi dzina loitanira, ndipo mayina a ku Malawi amayamba ndi 7Q. Loweruka lililonse m'mawa, kwathu kuli madzulo, ndimakhala pakhondepo n'kumazunguza pang'onopang'ono kuchokera pa 28.3 kukafika pa 28.5. Ndamvapo mawu a ku Brazil ndi a ku Spain. A 7Q sindinawamvebe.