Kadontho kamene ndinkati ndi kanga

Papita miyezi itatu ndisanalembe kalikonse za ntchito yanga yosaka miyala ya m'mlengalenga (asiteroidi) ndi nyenyezi za mchira, ndiye ndiyambe ndi zimene zinandichititsa manyazi. Zabwinozo zibwera pambuyo.

Milungu iwiri yapitayo kumwamba kunayera mbee, mwezi unali usanatuluke, ndipo ndinaloza telesikopu pa kachigawo kamodzi ka thambo kwa maola awiri. Telesikopu ndi yanga ya nthawi zonse, ya masentimita 30 m'mimba mwake, kamera sindinasinthenso. Zithunzi 60, chilichonse cha mphindi ziwiri. Nditaziunjika m'magulu atatu mu Astrometrica, pulogalamu yoyezera malo a zinthu zakumwamba pa zithunzi, n'kuyamba kuziphethiritsa motsatizana, nyenyezi zonse zinali zii pamalo pake, koma kadontho kamodzi kankakwawira chakumadzulo. Pulogalamu sinakalembe dzina. Ndisaname, mtima unagunda. Ndinayeza liwiro lake n'kupeza pafupifupi theka la arcsecond (kagawo kamodzi mwa magawo 3,600 a digiri) pa mphindi, momwe imayendera miyala ya pakati pa Mars ndi Jupiter ikakhala mbali ina ya dziko, dzuwa lili mbali inayo. Sikanali kachilema ka kamera, chifukwa pixel (kadontho ka mu kamera) yowonongeka sioneka yofewa m'mphepete ngati nyenyezi. Kanali kamwala ndithu.

Tulo sitinabwere. Ndinayamba kuganizira dzina loti ndidzakapatse, pomwe ndikudziwa bwino kuti dzina limabwera patapita zaka, njira ya mwalawo ikadziwika bwino n'kupatsidwa nambala. M'mawa ndinalowetsa malo ndi nthawi mu MPChecker, tsamba lofufuzira la Minor Planet Center, bungwe losunga kaundula wa asiteroidi, ndipo yankho silinachedwe: kamwalako n'kodziwika kale, kali ndi chizindikiro chake. Vuto linali langa. Fayilo ya njira za asiteroidi pa kompyuta yanga ndinali ndisanaikonzenso kwa miyezi yambiri, choncho pulogalamu inkangoona mlendo pamene ena onse ankaona mnzawo wakale. Ndinangoti kakasi.

Zoona zake n'zakuti munthu wa telesikopu ngati yanga masiku ano sapeza asiteroidi yatsopano mwachisawawa. Makina akuluakulu a Pan-STARRS ku Hawaii, Catalina Sky Survey ku Arizona ndi ATLAS amasesa thambo usiku uliwonse kukayera, ndipo asiteroidi zodziwika zinapitirira kale 1 miliyoni. Ine ndikalimbikira ndimafika pa magnitude 20 (muyeso wa kuwala: nambala ikakula, chinthu n'chofooka), ndipo zowala kuposa pamenepo pafupifupi zonse zili ndi eni ake. Sikuti khomo linatsekedweratu. Gennady Borisov anapeza nyenyezi ya mchira yochokera kunja kwa banja la dzuwa lathu mu Ogasiti 2019 ku Crimea, ndi telesikopu ya masentimita 65 yopanga yekha. Koma iye ankayang'ana m'munsi mwa thambo kutatsala pang'ono kucha, komwe makina akuluakulu aja sakonda kuloza. Pamenepo ndatolapo nzeru.

Chimene chandigwira mtima miyezi imeneyi ndi ntchito ina, yosatchuka koma yofunika: kusalola chimene chapezeka kuti chitayike. Kupeza mwala usiku umodzi n'kuyamba chabe. Ngati palibe woutsatira mawa ndi mkuja, masamu a njira yake amakhala osalimba, ndipo pakatha miyezi ingapo palibe amene angadziwe koloza. Zinayamba ndi asiteroidi yoyamba yeniyeni kupezeka. Giuseppe Piazzi anaona Ceres pa 1 Januwale 1801 ku Palermo, anaitsatira kwa milungu pafupifupi 6, kenako inakabisala m'kuwala kwa dzuwa. Panafunika masamu a Carl Friedrich Gauss kuti ipezekenso chakumapeto kwa chaka chomwecho. Ina inasowa nthawi yotalika mpaka oipeza anamwalira osaionanso. Albert, imene Johann Palisa anaipeza ku Vienna mu 1911, inadzaonekanso mu 2000, patatha zaka 89. Hermes inadutsa pafupi ndi dziko mu 1937, anaiona masiku owerengeka chabe, ndipo inangoti zii mpaka 2003.

N'chifukwa chake tsopano madzulo aliwonse ndimayamba ndi mndandanda wa NEOCP, pamene amaika zinthu zongopezeka kumene zofunika kutsimikizidwa. Ndimasankha zimene telesikopu yanga ingakwanitse, ndijambule, ndiyeze, nditumize. Apa ndi pamene ndinapunthwanso kachiwiri. Miyeso yanga ya miyala yakutali inali yabwino nthawi zonse, kuphonya kosafika arcsecond imodzi. Koma nditayeza kamwala kena kothamanga, kodutsa pafupi ndi dziko, pulogalamu yowerengera njira za miyala ya Find_Orb inandionetsa kuti ndaphonya ndi ma arcsecond 4, ndipo miyeso yonse inaphonyera mbali imodzi, motsata njira yake. Ndinakayikira kamera, ndinakayikira ndandanda ya malo a nyenyezi ya Gaia, yodziwika ndi kulondola kwake (tangoganizani, ine kukayikira Gaia!), mpaka ndinayang'ana wotchi ya kompyuta. Inkatsalira ndi masekondi 8. Mwala wakutali masekondi 8 suchoka n'komwe pamalo, n'chifukwa chake vutoli linabisala nthawi yonseyi. Koma kamwala kameneka kankayenda ma arcsecond 30 pa mphindi, ndiye theka la arcsecond pa sekondi iliyonse, ndipo mukachulukitsa ndi 8 mupeza 4 yemweyo. Mwamwayi ndinali ndisanatumize. Pano nthawi ndikuitenga ku kachipangizo ka GPS, ndipo sindiyamba kujambula ndisanaione kawiri.

Tsopano za nyenyezi ya mchira imene ndikusaka. Sinditchula dzina lake mpaka nditakhala ndi choonetsa. Ndi imodzi mwa zozungulira dzuwa m'zaka zochepa, inaoneka ulendo umodzi wokha, ndipo masamu akuti ikubwereranso. Kusaka kotere kuli ndi kaukadaulo kake kamene kanandisangalatsa nditakamvetsa. Njira yeniyeniyo imadziwika bwino ndithu. Chosadziwika ndi pamene chinthucho chafika pa njirayo. Chikachedwa tsiku limodzi kufika pafupi ndi dzuwa chimaoneka apa, chikafulumira tsiku limodzi chimaoneka apo. Choncho susaka thambo lonse, umasaka motsata kamzere kamodzi. Komanso nyenyezi za mchira n'zosamvera: ayezi wake akatenthedwa amatulutsa mpweya umene umazikankha pang'onopang'ono, ndipo zikadutsa pafupi ndi Jupiter njira imapindika. Zina zimangosweka. Ya Biela inagawika pawiri mu 1846, zidutswa zake zinaonekanso mu 1852, basi kutha kwake kunali komweko.

Ndikagwa ulesi ndimakumbukira Swift-Tuttle, mayi wa nyenyezi zothothoka za Perseids zimene zimaoneka mu Ogasiti. Inaoneka mu 1862, ndipo ambiri ankaiyembekezera chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Sinabwere. Katswiri wa zakuthambo Brian Marsden anali atanena kale mu 1973 kuti ngati ili yomweyo imene inaoneka ku China mu 1737, ndiye ibwera chakumapeto kwa 1992. Amene anaiona koyamba mu Seputembala 1992 sanali katswiri wa pa yunivesite ayi, anali Tsuruhiko Kiuchi wa ku Japan, munthu wochita izi mongokonda, ali ndi mabainokyula akuluakulu. Anakhulupirira masamu a mnzake n'kupirira kuzizira. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kamzere kanga ndakagawa m'zigawo 7, chilichonse chokwanira chithunzi chimodzi. Ndajambula zinayi. Pa ziwiri zoyamba panalibe kanthu. Chachitatu chinaonongeka ndi mame amene anakuta galasi laling'ono la mu telesikopu cha m'ma 2 koloko usiku, ine ndili m'nyumba kuwodzera pampando. Nyenyezi zonse zinatupa ngati thonje ndipo ndiyenera kuchibwereza. Pa chachinayi pulogalamu ya Tycho Tracker, imene imaunjika zithunzi motsata liwiro loyembekezeka kuti kuwala kofooka kusonkhane pamodzi, inatulutsa kachifunga kakang'ono kwambiri. Ndinakayang'anitsitsa nthawi yaitali. Nditagawa zithunzizo pawiri, kanaoneka m'gulu loyamba lokha, m'lachiwiri mulibe. Chinthu chenicheni chikanaoneka monsemo. Ndakalemba m'buku kuti ndi phokoso la kamera, ndipo ulendo uno sindinayambe kuganizira za mayina.

Mwezi wayamba kukula, ndiye kwa masiku 10 akubwerawa palibe chimene ndingachite ndi zinthu zofooka chonchi. Ndigwiritsa ntchito nthawiyi kumangirira kawaya kotenthetsa pa galasi lija ndi kujambulanso madark atsopano, zithunzi zojambula kamera ili yotseka zochotsera phokoso lake. Mdima ukabwerera ndiyamba ndi chigawo chachitatu, kenako chachisanu, chomwe chili pakati pa nyenyezi zothithikana moti sindikuchilakalaka n'komwe.