Zimene tinakaona pa Robben Island

Gulu lathu loyendera akaidi linasonkha ndalama kwa zaka ziwiri kuti tikaone Robben Island, chilumba cha ku South Africa chomwe chinali ndende, ndipo tinapita anthu 14. Za m'njira sindichulutsa gaga m'diwa. Boti tinakwerera pa Nelson Mandela Gateway mumzinda wa Cape Town, nyanja inali yolusa, ndipo amene ankaimba mokweza ponyamuka ndi omwe anafika atagwira pamimba.

Pachilumbapo anayamba kutizungulitsa pa basi. Tinadutsa manda a anthu akhate, chifukwa kale malowa ankatayirako odwala, kenaka tinaima pa kanyumba kotchingidwa ndi waya. Mmenemo ankakhala Robert Sobukwe, mtsogoleri wa PAC, chipani chomwe chinkalimbana ndi tsankho. Iyeyu atamaliza chilango chake mu 1963, boma la tsankho linakonza lamulo lomusungabe, n'kumalikonzanso chaka ndi chaka mpaka 1969. Ankakhala yekhayekha, osaloledwa kuyankhula ndi akaidi anzake. Iwo akamadutsa popita kuntchito, iye ankatapa dothi n'kumalisiya likuyoyoka m'zala zake. Amenewo ndiwo anali moni wake, kuwakumbutsa kuti nthaka ndi yawo. M'basimo munali phokoso, koma apa aliyense anangoti chete.

Kumalo okumba miyala ya laimu ndi kumene ndinayamba kumvetsa chimene tinadzera. Kuwala kwa miyala yoyerayo kunawononga maso a Nelson Mandela, ndipo panapita zaka zitatu akaidi asanaloledwe kuvala magalasi a dzuwa. Pambali pali phanga lomwe linali chimbudzi chawo. Alonda sankafuna kulowamo, ndiye akaidi analisandutsa sukulu: wodziwa kuwerenga ankaphunzitsa wosadziwa. N'chifukwa chake ndendeyi ena amaitcha yunivesite. Pakati pa bwalo pali mulu wa miyala umene anaunjika mu 1995, omwe anali akaidi atabwerera kudzakumana. Mandela anaika mwala woyamba, enawo n'kutsatira.

M'ndende mwenimwenimo anatilandira bambo wa imvi amene anamangidwa momwemo pa zandale, monga alili ambiri otsogolera alendo kumeneko. Anayamba kutchula dzina lake, nambala yake ya ukaidi n'kubwera pambuyo. Anatilongosolera mmene tsankho linkawatsatira mpaka m'chovala: akaidi akuda ankapatsidwa kabudula ngati tianyamata, pomwe amwenye ngati Ahmed Kathrada ankalandira thalauza. Mandela anakana kuvomereza zimenezo, ndipo atamupatsa thalauza yekha anaibweza kufikira onse atalandira. Mkaidi wa gulu D, gulu lotsikitsitsa la akaidi, ankaloledwa kalata imodzi ndi mlendo mmodzi pa miyezi 6, kalatayonso inkafika alonda atadulamo mizere. Komabe anthu omwewa anakhazikitsa bungwe lawo la mpira, Makana Football Association, lokhala ndi malamulo ndi oimbira masewero, lomwe FIFA inadzalilemekeza mu 2007.

Ine ndinapita ndikuganiza kuti ufulu wa mumtima ndi nkhani ya kutseka maso n'kupeza mtendere. Zimene ndinamva kumeneko n'zina. Ndi tinthu tating'ono tochita ndi thupi: kuyenda pang'onopang'ono mlonda akamakuwa kuti uthamange, kusamba ndi kudzisamala ngakhale palibe wokuona, kuphunzira chilankhulo cha amene akukutsekera monga Mandela anaphunzirira Chiafrikaans kuti aziyankhula ndi alonda ngati anthu. Ndipo sizinali zotsika mtengo. Mayi ake a Mandela anamwalira mu 1968, mwana wake Thembekile n'kufa pangozi ya galimoto mu 1969, maliro onse awiri osaloledwa kupitako. Mu 1985, ali kundende ya Pollsmoor, mtsogoleri wa dzikolo P.W. Botha anati amutulutsa akavomera zimene boma linkafuna. Anakana, n'kukhalanso m'ndende mpaka pa 11 February 1990.

Mayi wina wa m'gulu mwathu anafunsa wotitsogolerayo ngati anakhululukira onse. Ndikuganiza kuti tonse tinkayembekeza yankho lokoma loti tikalibwereze kwa akaidi athu. Sitinalipeze. Anati masiku ena zimapepuka, ena ayi, ndiponso kuti kuonetsa alendo ndi ntchito imene imamudyetsa, asatinamize. Ena zinawakhumudwitsa. Kwa ine pamenepo m'pomwe ndinamukhulupirira.

Kachipinda ka Mandela, mkaidi nambala 466/64, n'kakang'ono, mamita awiri ndi pang'ono mbali zonse. Muli mkeka, bulangeti, katebulo ndi chidebe. Mandela anakhala pachilumbachi zaka 18 mwa zaka 27 zimene anakhala m'ndende. Anthu ankakankhana kuti ajambule, inenso ndinali m'gulu lomwelo, sindibisa. Mmodzi yekha wa ife sanatulutse foni. Ndi bambo wachikulire amene anakhalapo m'ndende zaka 6, osati pa zandale koma pa mlandu wakuba. Ndinawapeza panja, atatsamira khoma la bwalo limene Mandela ankalimamo kadimba.

"Bwanji abambo, simukulowa?"

"Mwana wanga, ine fungo la m'menemo ndikulidziwa kale."

Tinakhala pansi, n'kuyamba kundiuza zomwe sanatiuzepo zaka zonse tayenda limodzi. Anati atatuluka ankaima pachitseko cha nyumba yawo kudikira wina atsegule. Ankadzuka nthawi ya kuwerengedwa ngakhale panalibe wowawerenga. Koma chimene chinawamanga kwambiri ndi bodza: kwa zaka zitatu ankauza anthu kuti anali kuntchito kutali, ndipo tsiku lililonse ankayenda ndi mantha kuti wina aulula. "Ajawa anamangidwa ali ndi chonyadira," anatero akuloza khoma, "ine ndinalibe. Koma tsiku limene ndinanena ndi pakamwa panga kuti ndinaba ndipo ndinagwira ukaidi, usiku umenewo ndinagona mpaka dzuwa kutuluka. Ena anandithawa, inde. Otsalawo ankapatsa moni ine, osati munthu wopeka uja."

Ndinachita manyazi pang'ono. Ine sindinamangidwepo, koma ndimadziwa kuvomera zimene mtima ukukana pofuna kuti anthu andikonde, ndimadziwanso kusintha mawu malinga ndi amene wandiyandikira.

Pobwerera nyanja inali itadekha, Table Mountain ikuonekera bwino kutsogolo, monga akaidi ankaionera zaka zonsezo. Tili m'botimo tinagwirizana kuti tikamakayendera akaidi, tisamayambe ndi kuyankhula ifeyo, komanso kuti tiziitana aliyense ndi dzina lake. Bambo aja anapempha kuti ulendo wotsatira adzayankhule iwo, koma anati tisawalembere zonena.