Moyo wanga ku Joni, gawo la 9: Foloko ya kaboni

Nditakhazikika pa ntchito m'shopu ya njinga ija ku Randburg, abwana anandipatsa felemu yakale ya aluminiyamu imene kasitomala wina anaisiya. Felemuyo inali bwinobwino, koma foloko yake inali yopindikira kumbuyo, mwini wake atawomba nayo galimoto. Kwathu ku Dedza foloko yotere sitikanaitaya. Amalume akanaipanikiza pa mphanda ya mtengo n'kuiwongola ndi paipi, mawa lake njinga n'kusenza thumba la kachewere kupita kumsika. Koma zimenezo zimatheka ndi chitsulo. Aluminiyamu ukaiwongola imang'aluka, ndiye kunali kufuna ina basi.

Mtima wanga unali pa ya kaboni, yopangidwa ndi ulusi wopepuka koma wolimba womatidwa pamodzi. Nthawi imeneyo ndinkachita lendi ku Cosmo City, ndipo Lamlungu m'mamawa ndinkaona magulu a opalasa akulowera ku Cradle of Humankind, dera la kunja kwa mzinda, ine n'kumangowasirira. Mzinda uno uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, zitunda zake n'zosatha, ndipo phula la misewu ina ndi lokhakhala moti manja amachita dzanzi. Foloko ya kaboni imameza kunjenjemera kumeneko, komanso yambiri siikwana n'komwe theka la kilogalamu, pamene yachitsulo imayandikira kilogalamu yathunthu.

M'shopumo munali madala ena a ku Mangochi, makaniko wamkulu, amene anabwera kuno ine ndisanayambe sukulu. Atandipeza ndikuyerekeza kulemera kwa mafoloko pafoni, anandilanda foniyo n'kundipatsa tepi.

"Mphwanga, sikelo ibwere pambuyo. Yamba wayeza khosi la felemu yakoyi."

Tsiku limenelo anandiphunzitsa zambiri. Paipi ya foloko yolowa m'khosi mwa felemu siimafanana pa njinga zonse. Njinga zakale kwambiri zili ndi ya inchi imodzi, zambiri zili ndi ya mamilimita 28.6 kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo zatsopano zili ndi yotambasuka m'munsi, imene siingalowe m'felemu yangayo ngakhale utaikakamiza bwanji. Kenako mabuleki. Anga anali ogwira pa limu, choncho foloko ya mabuleki a disc, ogwira kambale kachitsulo ka pakati pa tayala, inali yopanda ntchito kwa ine, pamodzi ndi ekiselo yake yonenepa ya mamilimita 12. Anandiyezetsanso kutalika kwa miyendo, kuchokera pa ekiselo kufika pamene miyendo iwiriyo ikumana, tinapeza mamilimita oyandikira 370. Pomaliza anandionetsa mmene ekiselo imakhalira patsogolo pang'ono, nthawi zambiri mamilimita 43 kapena 45. Ukasintha kwambiri miyezo iwiri yomalizayi, njinga imasintha khalidwe pokhota, ndipo umazindikira uli kale pamtsetse.

Ndalama ndiye inali nkhani ina. Mwezi uliwonse ndinkatumiza fizi ya mlongo wanga, zotsala n'kulipira lendi ndi thiransipoti. Choncho nditaona pa Facebook munthu akugulitsa foloko ya kaboni yokhayokha, yogwirapo kale ntchito, pamtengo wozizira, ndinapempha madala kuti tikaionere limodzi.

Kunja inali yonyezimira, yopanda ndi kokanda komwe. Madala sanayang'ane n'komwe penti. Anayatsa tochi ya foni n'kusuzumira m'kati mwa paipi, kenako anandikodola. M'katimo munali mikwingwirima yozama, kusonyeza kuti wina anakhomeramo kanati ka mano kaja kamene timaika m'mapaipi achitsulo ndi a aluminiyamu. M'paipi ya kaboni simulowa kanati kameneko, mumalowa kapulagi kofufuma ukamanga bawuti, chifukwa mano aja amadula ulusi wa kaboni. Pamwamba, pamene pamagwira chomangira mahandulo, panali kamzere koyera kopyapyala ngati tsitsi. Anagogodapo ndi kandalama ka R2, ndipo kulira kwake kunali kogontha, kosiyana ndi pena ponse.

"Madala, nanga tikadula pamwambapa?" ndinafunsa, pakuti mtengowo unali utandikola.

"Ukadula itsala yaifupi, siifika. Ndipo wakuuza ndani kuti mng'aluwo wathera pomwepo? Tiye tizipita."

Mpaka lero ndimakana kuikira kasitomala foloko ya kaboni imene mbiri yake siikudziwika, ena amapita atakwiya. Chitsulo chimachenjeza, chimayamba chapindika. Kaboni imabisa bala lake m'kati, ndipo tsiku lothyoka imathyokeratu. Tayala lakumbuyo likaphulika umatha kuima, koma foloko ikaduka nkhope ndi imene imayamba kufika pansi. Ambirife kuno tili ndi anthu kumudzi amene akudya chifukwa cha manja athu, ndipo kugona m'chipatala miyezi iwiri ndi njala ya banja lonse.

Ndinadikira mpaka ndalama zitakwana, ndinagula yatsopano kudzera mwa abwana, ya miyendo ya kaboni koma paipi ya aluminiyamu. Imalemererako pang'ono, koma ndi yotsika mtengo ndipo imapirira m'manja mwa munthu amene akuphunzira kumene. Ndinaonetsetsanso kuti tayala la mamilimita 28 likudutsa osakhula, chifukwa cha maenje a m'misewu yathu. Podula paipi madala anandiletsa kufupikitsa. Tinaisiya yaitali, tinaika timphete pansi ndi pamwamba pa chomangira mahandulo, kuti msana wanga uyambe wazolowera kuwerama. Mabawuti ndinamanga ndi sipanala yoyeza mphamvu, kulekezera pa 5 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bawuti) monga zinalembedwera pachomangiracho.

Lamlungu lotsatira ndinakafika ku Cradle n'kubwerako manja ali bwinobwino. Ndi paulendo umenewo pamene ndinakumana ndi anyamata awiri a ku Mzimba amene ankakonzekera mpikisano wa 947 Ride Joburg wa mu Novembala, ndipo anandikopa kuti ndilembetse nawo. Za iwowo ndifotokoza m'gawo la 10.