Zikomo inu amene munandidikira kuti ndimalize mawu

Dzulo ndinaimirira pamaso pa anzanga onse akuntchito n'kulankhula kwa mphindi 10. Mawondo ananjenjemera ndithu, koma ndinamaliza, mpaka kuyankha mafunso atatu. Amene mumandidziwa kuyambira kale mukudziwa kuti imeneyi si nkhani yaing'ono, n'chifukwa chake ndati ndithokoze poyera.

Ine ndinakula ndi manyazi oopsa. Foni ikaitana ndinkangoiyang'ana mpaka idule, kenako n'kulemba uthenga. M'kalasi yankho ndinkakhala nalo, koma dzanja osatheka kukweza. Ena ankati ndine wofatsa, ena ankati ndine wodzimva, pomwe vuto linali mantha basi. Dzina langa likangotchulidwa pagulu, mtima unkagunda ngati ng'oma, kukamwa gwa, mawu onse balala.

Achemwali, ndiyambe ndi inu. Kwa zaka zambiri munkandiyankhira pofuna kunditchinjiriza. Tsiku lina munangoleka. Munthu atandifunsa funso munakhala duu, n'kumandiyang'ana mwachifundo mpaka ndinatulutsa mawu anayi kapena asanu achibwibwi. Ndinakukwiyirani sabata yathunthu. Lero ndikudziwa kuti chete ujayo anakupwetekani inunso, koma munapirira.

Alangizi anga, inu munandichotsa maganizo oti ndinabadwa wolakwika. Munandifotokozera kuti kugunda kwa mtima ndi thukuta la m'manja zimabwera ndi timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline, thupi likamakonzekera kuthawa kapena kumenyana ngakhale palibe chilombo chilichonse. Munandiuzanso za kafukufuku wa katswiri wa za maganizo a anthu, Philip Zimbardo, ku yunivesite ya Stanford ku America m'zaka za m'ma 1970, pomwe anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse anavomera kuti ndi amanyazi. Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino, poti ndinkayesa ndili ndekhandekha.

Koma chimene chinandisintha kwenikweni ndi pepala lija tinalemba limodzi, lokhala ngati makwerero. Pansi tinaika zopepuka: kupereka moni ndisanapatsidwe, kufunsa njira kwa munthu wosamudziwa. Pakati kuimba foni ndekha, kenako kufunsa funso limodzi pamsonkhano. Pamwamba penipeni ndiye za dzulozi. Munati kuthawa kumapumulitsa mtima kanthawi kochepa koma kumanenepetsa mantha, choncho ndizikhalabe pomwepo, ndizipuma pang'onopang'ono, mpaka mtima ubwerere m'malo. Sitepe ya foni ndinakhalapo miyezi iwiri, ndipo tsiku lina ndinadula foniyo munthu atangoti halo. Simunandiseke kapena kundifulumizitsa. Munangoti tiyesenso mawa.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhonoyo ndinali ine, ndipo odekhawo munali inu.

Mnzanga amene unakhala kutsogolo dzulo n'kumagwedeza mutu, pamene mawu anandithawa pakatikati paja ndinayang'ana iwe n'kupeza poyambiranso. Abwana, zikomo pondipatsa mwayiwu ngakhale munali ndi anthu odziwa kulankhula kuposa ine. Nanunso amene munafunsa mafunso ngati mmene mukanafunsira wina aliyense, osandimvera chisoni, munandilemekeza kwambiri.

Manyaziwo sanatheretu, ndipo ndimakondabe kukhala phee. Mwezi wamawa andipempha kuti nditsogolere msonkhano wonse. Ndavomera. Achemwali, Loweruka ndibwera kuti ndidzayeserere pamaso panu, ndipo mawu akadzandithawa musadzandithandize msanga.