Zanzibar ndidaiona polowera kukhitchini

Ntchito yanga ndi ya m'khitchini pa hotela ina kuno ku Harare. Ndine amene ndimalandira katundu mbandakucha: matimati, anyezi, nkhuku, mazira, masamba ochokera ku Domboshava. Ndiye pamene ife amayi angapo a Chigwirizano kumpingo kwathu ku Mbare tidasonkha ndalama m'chipereganyu n'kugwirizana zokaona Zanzibar, anzanga mtima unali pa nyanja ndi zithunzi za pa Facebook, ine ndinkangofuna kudziwa kuti chakudya chonse chimene alendo amadya pachilumbapo chimachokera m'munda mwa yani.

Tidakwera ndege mpaka ku Dar es Salaam, kenako boti lothamanga lija la maola ngati awiri. Zanzibar ndi zilumba zingapo, zikuluzikulu ndi Unguja ndi Pemba, ndipo alendo ambiri amangothera pa Unguja. Kalembera wa 2022 adapeza anthu pafupifupi 1.9 miliyoni, koma mu 2024 mokha kudafika alendo akunja opitirira 700,000. Kale chuma chawo chinkadalira karafuu, zonunkhiritsa zija timathira mu mpunga ndi tiyi, zimene zambiri zimalimidwa ku Pemba. Lero ndalama zakunja zambiri zimabwera ndi alendo, ndipo kuyambira Okutobala 2024 boma lawo lidayamba kulipiritsa mlendo inshuwalansi ya madola 44 asanalowe.

Kukongola kulipo, sindingabise. Ku Nungwi, mudzi wa kumpoto kwa Unguja, mchenga ndi woyera mbuu, madzi ake oonekera mpaka pansi, ndipo cha pambali amuna amakhoma ngalawa zamatabwa ndi manja monga ankachitira makolo awo. Mayi Nabanda, amene ali wamkulu pagulu lathu, adalowa m'madzi ndi chitenje chomwe n'kuyamba nyimbo ya m'buku, tonse tidapolokezana.

Koma madzulo ake ndidazungulira kuseri kwa malo amene tinkagona, komwe kuli migolo ya zinyalala ndi masilinda a gasi, ndipo ndidapeza wophika akusenda mbatata atakhala pa kreti. Anthu a ntchito imodzi sachedwa kumvana, ngakhale Chiswahili changa n'chothyokathyoka. Adandilowetsa m'sitolo. Mbatata ya kachewere ndi anyezi zinali m'masaka ochokera kumtunda ku Tanzania. Tchizi, pasitala, mafuta a olivi ndi vinyo zinali ndi zolemba za ku Ulaya ndi ku South Africa. Za pachilumba pompo ndidaona nsomba, kokonati, mandimu ndi zipatso pang'ono. Iyeyo anali wa ku Mbeya, ndipo adati anzake ambiri a m'khitchini ndi pa resepishoni ndi ochokera kumtunda kapena ku Kenya, chifukwa ndiwo adaphunzira Chingerezi ndi za mahotela. Alonda ambiri pagombe ndi Amasai, nawonso obwera. Ana a m'mudzi woyandikana nawo amapeza yosesa, yochapa ndi yothirira maluwa.

Zimenezi zidandikhudza chifukwa agogo anga aamuna adachoka ku Nkhotakota wapansi kudzagwira ukhukhi m'nyumba za azungu ku Salisbury, Harare wa lero, ndipo ndidakula ndikumva momwe zimakhalira kuphika nyama imene ana ako sadzailawa. Sindikuda wa ku Mbeya uja, naye akusaka ya sukulu ya ana ngati agogo anga. Chimene chikundivuta n'chakuti mlendo amalipiriratu zonse ali kwawo, ndege, bedi, chakudya ndi zakumwa, n'kufika kumangidwa kachingwe kapulasitiki pamkono kosonyeza kuti wamaliza kulipira. Munthu wotere alibe chifukwa chotulukira pageti. Ndalama yake yambiri siiona n'komwe mudzi umene uli kuseri kwa mpanda.

Nkhani ya madzi ndiyo idandiwawa kwambiri. Mkati mwa mpanda muli dziwe losambiramo, kapinga wobiriwira, matawulo ochapidwa tsiku ndi tsiku. Kunja kwake tidakumana ndi atsikana atandanda pa mpopi ndi zigubu zachikasu, ena atazimangirira pa njinga. Ife a ku Harare mzere wa zigubu pa mjigo timaudziwa bwino, choncho palibe amene adafunsa kuti akudikira chiyani. Chilumba chimadalira madzi apansi, ndipo zitsime za m'mbali mwa nyanja zikapopedwa mopitirira muyeso madzi amchere amalowamo.

Ku Jambiani, kum'mawa kwa chilumba, n'kumene ndidakhalitsa. Kumeneko nyanja ikaphwa imabwerera kutali kwambiri, ndipo amayi amalowa m'minda yawo ya ndere zimene amazitcha mwani. Amakhoma tizikhomo mumchenga, kumanga zingwe, n'kumangirira timbewu pachingwepo. Mayi wina adandilola kumuthandiza. Adakhala pansi m'madzi ofika m'chiuno, miyendo atatambasula, kanga, chitenje chawo chija, itanyowa, zala zikumanga mfundo mofulumira osayang'ana n'komwe. Zala zakezo zinali zong'alukang'aluka ndi mchere, maso ofiira ndi kunyezimira kwa dzuwa pamadzi. Madzi atayamba kubwerera adasenza saka lodontha pamutu, ulendo wa kumtunda kukayanika pa makuti, masamba ouma a kokonati. Ulimi umenewu udayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo ambiri oulima ndi amayi. Ndere zouma zimagulidwa pa kilo pamtengo wotsika, n'kutumizidwa kunja komwe amazipangira mankhwala olimbitsa zinthu monga ayisikilimu ndi mankhwala otsukira mano. Adandionetsa zina zoyera zothethekathetheka, zimene zafa chifukwa madzi osaya ayamba kutentha kwambiri. Pamene tinkayankhula, pamwamba pathu pankadutsa makaiti a alendo osewera ndi mphepo, ndipo wina adaima n'kumujambula osapempha, osapereka ngakhale moni. Magulu ena a amayi ayamba kupanga sopo ndi mafuta odzola kuchokera ku nderezo, ndipo pamenepo mpamene amapezako kenakake kooneka. Tidagula sopo wambiri ndithu.

Ku Stone Town, mzinda wakale umene UNESCO idauika m'kaundula wake mu 2000, tidapita ku tchalitchi cha Anglican cha ku Mkunazini. Chidamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo, umene udatsekedwa mu 1873. Amakulowetsani m'tizipinda tapansi tokhala ndi timazenera ting'onoting'ono, mmene munthu wamtali sangaime mowongoka. Wotionetsa malo atatchula Nyasa, Mayi Nabanda adandigwira dzanja. Anthu ambiri ogulitsidwa pamenepo ankachokera kwathu, kuwolotsedwa nyanja pa Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe, kuyendetsedwa mpaka ku Kilwa, kenako ku Zanzibar. Ena adathera m'minda ya karafuu pazilumba zomwezo. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia umene pansi pake adakwirira mtima wa David Livingstone, ndipo mishoni ya Anglican ya UMCA, imene idamanga tchalitchichi, ndiyonso idamanga tchalitchi chachikulu cha pa Likoma. Tidapemphera m'Chichewa pafupi ndi ziboliboli za anthu omangidwa unyolo m'khosi. Mwa zonse zimene tidalipira polowa, ndalama ya pamenepa ndidapereka ndi mtima wonse.

Achemwali ndi achimwene amene mukukonza ulendo, pitani, musagwe mphwayi ndi zimene ndalembazi, pakuti alendo atasiya kubwera mu 2020 chifukwa cha Covid-19 anthu omwewa ndiwo adagona ndi njala. Koma sinthani madola anu kukhala mashilingi a Tanzania kuti muzitha kugula kwa mayi wa pamsewu. Gonani m'nyumba za alendo za eni dera. Kwerani daladala, timinibasi ta kumeneko, ngakhale mupanikizane ndi madengu a nsomba. Madzulo pitani ku Forodhani, msika wa zakudya wa m'mbali mwa nyanja ku Stone Town, mukamwe urojo, supu ya kumeneko, ndi madzi a nzimbe ofinyidwa mukuona, koma mufunse mtengo asanakuikireni m'mbale. Anthu akumeneko pafupifupi onse ndi Asilamu, ndiye mukachoka pagombe kulowa m'mudzi mangani chitenje, phimbani mapewa, ndipo ngati ndi mwezi wa Ramadan musadyere pamsewu masana. Mukafuna kujambula mayi ali m'munda mwake wa mwani, yambani mwamupatsa moni, mupemphe, ndipo akakana mubweze foni m'chikwama.