Dzina la wosula limawerengedwa pomaliza

Anthu osonkhanitsa malupanga akale a ku Japan ali ndi mawu amene wophunzira aliyense amawamva msanga: ukaona lupanga lolembedwa dzina la Kotetsu, uyambe waliyesa labodza. Nagasone Kotetsu anali wosula wa mumzinda wa Edo (umene lero ndi Tokyo) m'zaka za m'ma 1600, ndipo ankasula zovala zankhondo asanayambe malupanga. Atatchuka, akamberembere anayamba kuzokota dzina lake pa malupanga a anthu ena, moti lero abodza achuluka kuposa enieni. Chiyambireni kuwerenga za malupangawa, phunziro limene landikhazikika kwambiri n'lakuti pa zonse zimene lupanga lili nazo, dzina ndiye losavuta kunamiza.

Dzinalo limalembedwa pa nakago, msuka wa lupanga umene umalowa m'chigumbu monga msuka wa khasu ulowera mumpini. N'chifukwa chake pa misonkhano yophunzira kuunika, yotchedwa kantei, malupanga amawayala patebulo msuka uli wobisika. Umayang'ana chitsulo chokha, n'kulemba pakapepala dzina la wosula amene ukumuganizira, ndipo woweruza amakuuza ngati walasa, wayandikira, kapena wasochera. Kaphunzitsidwe kameneka kanandisangalatsa chifukwa sikapereka mpata wonamizira kudziwa.

Poyamba umaona kaumbidwe, ndipo kaumbidweko kamakuuza nthawi. Malupanga aatali a nthawi ya Kamakura (cha m'ma 1185 mpaka 1333), otchedwa tachi, ankavalidwa ndi okwera pa akavalo kukamwa kwake kutaloza pansi, ndipo ndi okhota kwambiri. M'nthawi ya nkhondo za Nanbokucho, kuyambira 1336 mpaka 1392, anakhala aatali, otambalala, ansonga zazikulu. Cha m'ma 1660, dziko lili pamtendere, anatsala pang'ono kuwongoka. Gawo ili munthu angathe kuliphunzira m'mabuku ndi pa zithunzi.

Chovuta chimabwera ukafika pa khungu la chitsulo. Chitsulo chake, tamahagane, amachipanga ndi mchenga wachitsulo ndi makala mu ng'anjo yadothi yoyaka masiku atatu usana ndi usiku. Ng'anjo yotere inatsitsimutsidwa mu 1977 ku Okuizumo m'chigawo cha Shimane, ndipo osula a lero amapeza chitsulo kumeneko. Wosula amachipinda n'kuchimenya mobwerezabwereza, ndipo kupindako kumasiya mizere imene imasiyana malinga ndi dera. Mabuku amagawa ntchito yakale m'miyambo isanu: Yamashiro, Yamato, Bizen, Soshu ndi Mino. Mizere yowongoka, yotsata utali wa lupanga, imakukankhira ku Yamato. Chithunzithunzi chotuwa chooneka ngati nkhungu pakati pa lupanga, chimene amachitcha utsuri, chimakukankhira ku Bizen.

Kenako pamabwera hamon, mzere woyera uja woyenda m'mbali mwa kukamwa kwa lupanga. Ambiri amauyesa chokongoletsera chochita kujambula. Ayi ndithu. Wosula amamata lupanga ndi dothi, lochuluka kumsana, lochepa kukamwa, n'kulitenthetsa n'kuliviika m'madzi. Mbali ya dothi lochepa imazizira msanga n'kuuma gwa, pamene kumsana kumakhala kofewerapo kuti lupanga lisathyoke. Malire a mbali ziwirizi ndiye hamon. Mmenemo muli timadontho tonyezimira: tikakhala tikulutikulu tooneka ndi maso amati nie, tikakhala tosalala ngati utsi amati nioi. Osula a ku Soshu ankadziwika ndi nie, a ku Bizen ndi nioi. Apa ndiye pamene ndakhalitsa, chifukwa chithunzi chimabisa zambiri. Hamon weniweni amaoneka ukaloza lupanga ku babu n'kulipendeketsa pang'onopang'ono, pamene zoyera zimene kamera imagwira kawirikawiri zimakhala zimene wonola anawalitsa.

Ukamaliza zonsezi m'pamene umazula kamsomali kansungwi kogwira chigumbu n'kuona msuka. Nawo suyamba ndi dzina. Umaona kaye mtundu wa dzimbiri, mikwasa ya tupa, ndi chiwerengero cha mabowo. Dzimbiri la zaka mazana ambiri limakhala lakuda ndi losalala, losiyana ndi lofiira la posachedwa. Munthu wachangu amene wapeza lupanga la agogo ake n'kukwecha msuka kuti uwale amakhala atafufuta umboni wa zaka zake, ndipo mtengo umagwa kwambiri. Zimenezi zachitikira malupanga ambiri amene asilikali a ku America anapita nawo kwawo nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945.

Chimene chimasokoneza mutu n'chakuti malupanga ambiri apamwamba alibe dzina n'komwe. Pamene nkhondo zinayamba kumenyedwa kwambiri ndi asilikali oyenda pansi, eni ake ankadula tachi zakale chakumsuka kuti zifupike, dzina n'kupita ndi chidutswacho. Masamune, wosula wa ku Soshu amene dzina lake aliyense amalidziwa, anasiya malupanga ochepa kwambiri okhala ndi dzina lake. Enawo ndi akatswiri amene anagamula kuti ndi ake. Banja la Hon'ami linagwira ntchito younikayi kwa mibadwo yambiri, likulemba zikalata, ndipo nthawi zina linkalowetsa dzina la wosula ndi golide pamsuka wodulidwa. Mu 1719 linalembera shogun Tokugawa Yoshimune, mtsogoleri wankhondo amene ankalamulira Japan, kaundula wa malupanga otchuka. Choncho lupanga lopanda dzina lingathe kuposa kutali lokhala ndi dzina lomveka.

Masiku ano zikalata zodalirika kwambiri zimachokera ku NBTHK, bungwe la ku Japan losamala malupanga, limene linakhazikitsidwa mu 1948 pofuna kupulumutsa malupanga amene ankawonongedwa nkhondo itatha. Limapereka magawo anayi: Hozon, Tokubetsu Hozon, Juyo ndi Tokubetsu Juyo, ndipo gawo lililonse limakweza mtengo. Lupanga la dzina labodza silipatsidwa chikalata. Zikalatazi n'zothandiza, makamaka kwa wogula amene ali kutali ndi Japan, koma ndikamawerenga zotsatsa za ogulitsa ndimaona kuti ambiri akugula pepala, lupanga likungobwera ngati basela. Pa lupanga lopanda dzina, chikalata ndi maganizo a gulu la akatswiri, ndipo mabungwe awiri angathe kutchula osula osiyana pa lupanga limodzi. Bungwe la NBTHK lenilenilo linasintha dongosolo lake mu 1982 zitadziwika kuti zina mwa zikalata zakale zinali zokayikitsa, ndipo lupanga lokhala ndi zikalata zoterozo ogula ochenjera amafuna likaunikidwenso asanatulutse ndalama.