Ndasiya ndodo abale anga, zikomo nonse

Abale ndi alongo, anzanga a kuno ku Johannesburg ndi inu a kumudzi ku Dedza, moni nonse. Nkhani yabwino ndi yoti adokotala andilola kusiya ndodo ndipo sabata yathayi ndabwerera ku ntchito, pang'onopang'ono ndithu, makwerero sindinayambe kukwera koma bulashi ndikugwira. Amene simunamve, chaka chatha ndinagwa kuchokera padenga tikupenta nyumba, fupa la ntchafu linathyoka mpaka anachita kuikamo chitsulo, ndiye miyezi yonseyi ndinali chigonere, kenako pa wilitcheya, kenako ndodo. Ndilemba motalika mundipirire, chifukwa zikomo wa pa foni uja sakukwana pa zimene munandichitira, komanso pali zimene ndaphunzira m'matendamu zomwe ndikufuna mumve kuchokera pakamwa panga, poti ena munamva zoti ndayamba za Kabbalah, chiphunzitso cha Ayuda, nkuyamba kuda nkhawa.

Mayi a ana anga, ndiyambe ndi inu. Munasiya geni yanu pamsika, ana munawasiya kwa agogo awo, nkukwera basi ulendo wonse uja wodutsa ku Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, inu amene chibadwire simunatulukepo m'Malawi. Munandisambitsa, munkanditembenuza usiku, munkataya zimene munthu wamkulu amachita manyazi kuti wina amutayire, ndipo masiku amene ululu unkandikwiyitsa nkumakukalipirani munkangotuluka panja pang'ono nkubweranso ndi phala. Za inu sindinamalize, ndinenanso pansipa.

A gulu lathu la chipereganyu, lendi ya chipinda munkalipira inu osandiuza, ine ndinangomva kwa alandilodi kuti zonse zili bwino. Azimayi a kutchalitchi munkasinthana kubwera ndi nsima ndi ndiwo Lamlungu lililonse. Manesi a mu wodi ya mafupa, ndi inu achemwali a mafizo amene munkandikakamiza kuponda pansi ine ndikulira, Mulungu akudalitseni.

Ndiye pali mng'ono wanga. Mwana amene ndinamulipirira fizi kuyambira fomu 1, anagulitsa mbatatesi zake zonse za kudimba nkunditumizira ndalama kuno. Ndalama kuchoka ku Dedza kubwera ku Johannesburg! Nonse mukudziwa kuti siziyenda choncho, otumiza ndi ife. Tsiku limene uthenga unalowa mu foni sindinasangalale olo pang'ono, mtima unawawa kuposa mwendo, ndinkafuna kuzibweza tsiku lomwelo. Nsima ya azimayi ija nayo inkandivuta kumeza, ndinkaona ngati aliyense wolowa pakhomo akungoti eee wagwa uja ndi ameneyu.

Amene anandithandiza kumvetsa kuwawa kumeneku ndi madala ena achiyuda a ku Glenhazel, dera la konkuno ku Johannesburg, omwe ndakhala ndikuwapentera ndi kuwakonzera nyumba kwa zaka zambiri. Iwo eni amayendera ndodo koma anauza mdzukulu wawo kuti awabweretse pa galimoto mpaka kuchipinda kwanga. Anandiuza kuti kwa iwo kuzonda wodwala ndi lamulo, ndipo aphunzitsi awo akale mu Talmud, mabuku awo a malamulo ndi ziphunzitso za makolo, amati wozonda wodwala amamuchotsera gawo limodzi mwa magawo 60 a matenda ake. Nditawauza za ndalama za mng'ono wanga sanandidzudzule, anangoti mwana wanga zimene ukumvazo a Kabbalah amazidziwa bwino, amati mkate wa manyazi. Kuyambira pamenepo tinkalankhulana pa foni madzulo, iwo akuwerenga nkumandifotokozera, ine ndikufunsa mafunso.

Ndiime kaye apa chifukwa cha inu amene munkaopa. Kabbalah ndi chiphunzitso chakuya cha Ayuda chonena za Mlengi, chilengedwe ndi mzimu wa munthu, ndipo chimayambira pa mabuku a Mose omwewa tili nawo m'Baibulo. Mu zimene ine ndaphunzira mulibe chithumwa, mulibe zokhwima, mulibe zolemeretsa munthu usiku umodzi. Buku lake lalikulu ndi Zohar, lolembedwa mu Chiaramu, linaonekera ku Spain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 ngakhale mwambo wawo umati mawu ake ndi a Rabbi Shimon bar Yochai amene anakhalako zaka zoposa 1,000 m'mbuyo mwake. Ayuda atathamangitsidwa ku Spain mu 1492, patapita nthawi aphunzitsi ambiri anakasonkhana ku Safed, tauni ya m'mapiri kumpoto kwa Israel, ndipo kumeneko ndi komwe Moshe Cordovero ndi Isaac Luria ankaphunzitsa. Luria anamwalira mu 1572 ali ndi zaka 38 zokha, ataphunzitsa ku Safed pafupifupi zaka ziwiri basi, koma mpaka lero anthu akuphunzirabe zake. Amene madala aja amamuwerenga kwambiri ndi Rabbi Yehuda Ashlag wa ku Poland, amene anasamukira ku Jerusalem mu 1921 nkumwalira mu 1954, ndipo anamasulira Zohar mu Chiheberi pamodzi ndi ndemanga yake yotchedwa Sulam. Ine si Myuda, kutchalitchi kwanga sindinasiye ndipo madalawo sanandiuzepo kuti ndisiye. Zakuya zake amaphunzira anthu odziwa Chiheberi ndi Torah, mabuku a Mose aja, kwa zaka zambirimbiri, ine ndagwira kachigawo kamene kanakhudza bala langa.

Ashlag amayamba motere. Mlengi sasowa kanthu, khalidwe lake ndi kupatsa basi, ndipo analenga kuti akondweretse zolengedwa zake. Koma chokoma sichikoma kwa munthu wopanda njala, ndiye chimene Iye anaika mwa ife ndi khumbo lofuna kulandira. Khumbo limeneli palokha si tchimo ayi, ndi mmene tinapangidwira. Vuto limabwera pamene khumbolo likungolandirira lokha, zanga, mimba yanga, dzina langa, uku ndiye kudzikonda. Ndipo pamene panandigwira kwambiri ndi apa: kwa Ashlag kukhala pafupi kapena kutali ndi Mlengi si nkhani ya mtunda, mu zauzimu mulibe makilomita. Awiri amayandikana akafanana mtima ndipo amatalikana akasiyana mtima. Iye wopatsa, ine wongolandirira ndekha, basi tatalikana olo nditachezera m'tchalitchi usiku wonse. Manyazi aja munthu amamva akamadya chimene sanakhetsere thukuta amachokera pomwepo, mzimu umakhala wazindikira kuti sukufanana ndi amene akuupatsa.

Nanga tizitani, tizikana kulandira? Apa Ashlag amapereka fanizo la mlendo ndi mwini nyumba, ndipo ndikudziwa kuti inu a kwathu mulimva msanga. Mwini nyumba waphika zonse zimene mlendo amakonda, mlendo njala ali nayo koma manyazi amugwira, akuti ayi zikomo ndadya kale. Mwini nyumba akuumiriza, mlendo akukana, akuumirizabe, akukanabe, mpaka mlendo uja azindikira kuti kukana kwakeko kukumupweteka mwini nyumba ndipo akadya ndiye amusangalatsa. Asamba m'manja nkuyamba kudya. Chakudya ndi chomwecho, njala ndi yomweyo, koma tsopano akudya kuti mwini nyumba akondwe, ndiye wolandira uja naye wasanduka wopatsa, awiriwa afanana, manyazi atha. Kukana kwa poyamba kuja kunali ndi ntchito yake, kunamuimitsa kuti asangodya ngati wolanda, koma pothera si pamenepo. Pothera ndi kulandira zonse zimene Mlengi wakonza, uli ndi mtima woti Iye akondwere.

Usiku womwewo ndinamuimbira mng'ono wanga nkumuuza kuti ndalama zake zalipira takisi yopita ku mafizo ndi kugula mankhwala a ululu. Abale, mukanamva mmene mawu ake anasinthira. Zaka zonsezi mwanayu ndi amene ankadya mkate wa manyazi kuchokera m'manja mwanga, fizi, yunifolomu, feteleza, ndipo ndikanabweza ndalama zija ndikanamulanda mpata wokhawo umene anaupeza woti naye aime ngati mwamuna pamaso pa mkulu wake. Mng'ono wanga, wandidyetsa ndipo ndakhuta, zikomo.

Kwathu timati kupatsa nkuikiza, ndipo mwambiwu ndi woona, ine ndaona ndi maso angawa zimene ndinaikiza zikubwerera. Koma a Kabbalah amafunsa funso lowawa, loti ukamapatsa diso lili pa zimene zidzabwerere, kaya ndi ndalama, kaya ndi ulemu woti pamaliro akutchule dzina, kaya ndi madalitso a kumwamba amene, wapatsa kapena wagula? Iwo amati kumeneko ndi kupatsa n'cholinga cholandira, kudzikonda komwe kuja kungoti kwavala jekete. Ambiri a ife otumiza ndalama kumudzi tili pamenepo, sindikunyoza aliyense chifukwa ndikudziwa thukuta lake, koma timakonda kukhala ife oimbiridwa foni, ndipo tsiku loti tiimbe ife likafika dziko limada. Chonditonthoza n'choti sakunena kuti usiye kupatsa mpaka mtima uyere. Mu Talmud muli mawu oti munthu azichitabe zoyenera ngakhale cholinga chisanalungame, chifukwa pochita pomwepo cholinga cholungama chimadzabwera. Ashlag amaonjezeranso kuti munthu sangazule khalidwe limeneli ndi mphamvu zake yekha, pamene ali ndi ufulu weniweni ndi posankha anthu okhala nawo ndi zimene akudyetsa maganizo ake, kwinako nkupempha Mlengi kuti akonze. Ndiye inu amene munandizungulira miyezi yonseyi dziwani kuti munachita zoposa kulipira lendi.

N'chifukwa chake kwa iwo njira yopita kwa Mlengi imadutsa pa mnzako. Lamulo lija la pa Levitiko 19:18 loti uzikonda mnzako monga umadzikondera wekha, Rabbi Akiva, mphunzitsi wawo wakale, anati ndi lamulo lalikulu mu Torah, ndipo Ashlag amafotokoza chifukwa chake m'njira imene ine ndikugwirizana nayo ndi mtima wonse. Zinthu zimene timachitira Mulungu mwachindunji zili ndi nthawi yake ndi dongosolo lake, munthu amatha kuzizolowera nkumangochita mtima uli kwina. Koma mnzako sazolowereka, lero akufuna ichi mawa icho, amagogoda nthawi yolakwika, amakulakwira, ndiye pamenepo sungadzinamize kuti wasiya kudzikonda. Luria ankauza ophunzira ake kuti asanayambe pemphero la m'mawa aliyense avomere kaye mumtima lamulo limeneli lokonda mnzake. Ichi ndachitenga, m'mawa ndisanapemphe chilichonse ndimayamba ndaika pamtima anthu anga, kuyambira amene sitimwerana madzi, ndipo ndikuuzeni zoona pemphero limatuluka losiyana.

Mayi a ana, ndabweranso kwa inu. Cordovero, amene anamwalira mu 1570, anatenga mavesi a pa Mika 7:18-20 nkupezamo makhalidwe 13 a chifundo cha Mlengi oti munthu azitsanzira. Loyamba ndi loti Mlengi amapirira chipongwe. Pa nthawi yomwe munthu akumulakwira, mpweya umene akupuma ndi mphamvu ya mkono umene akulakwira nawo zimakhala zikuchokerabe kwa Iye, ndipo sazichotsa. Madala akundiwerengera zimenezi ndinalephera kuyankha, misozi inangotsika, chifukwa mphamvu imene ndinkakukalipirani nayo inali ya phala lanu lomwelo, ndipo m'mawa mwake munkaphikanso lina. Ndikukuthokozani pamaso pa abale anu ndi anga, ndipo apongozi anga amene munasunga ana nthawi yonseyi osadandaula, ndagwada.

Madala anga a ku Glenhazel, mdzukulu wanu akuwerengerani izi mnzanga wina akamasulira. Munabwera m'kachipinda kanga ndi miyendo yanu yovutayo, munakhala pa mpando wa pulasitiki nkumwa tiyi wa mkazi wanga, ndipo pambuyo pake ndinazindikira kuti ngakhale tiyi ameneyo munamwa kuti ife tikondwe. Khoma la kumbuyo lija ndidzalimaliza adokotala akangondilola makwerero.

Za ndalama tsopano, timvane bwino. Amene munandibwereka ngati ngongole ndinalemba zonse m'kope, ndiyamba kubweza kumapeto kwa mwezi uno mmodzimmodzi monga tinagwirizana. Amene munapereka ngati mphatso sindibweza, ndalandira ndi manja awiri. Mu chipereganyu ndilowanso mwezi wa mawa, ndipo a gulu mukudziwa kuti m'bale wathu wina wagonekedwa sabata ino ndipo akuuza anthu kuti asavutike kubwera. Ine Loweruka masana ndikupita, amene muli ofu tikumane pa renki, nsima aphika mayi a ana.